Maso pa Sanda ya Che Wadi

Aliyense amene anapatsanapo moni wa m'manja ndi Jaffalie amakumbukira dzanjalo, nkhope anaiwala kalekale. M'mphepete mwake, kuyambira pa kachala kotsiriza kutsikira kumkono, khungu linali louma gwa ngati chiboda cha bulu. Udzudzu wa ku Lungwena, uja umaboola tenti ya lole n'kukaluma dalaivala, ukatera pamenepo unkabwerera kwawo mlomo utapindika, anzake akuuseka. Malambe anthu amaswa ndi mwala. Iye ankangowagogoda ngati akuodira pakhomo, basi aphwanyika.

Dzanja limeneli analitenga kwa mmwenye. Jaffalie anabadwira kufupi ndi Mandimba, kutsidya kwa malire, ndipo ali ndi ndevu zitatu zokha anapita ku Cuamba kukasaka ntchito. Anaipeza kuseri kwa sitolo ya a Dawudi, mmwenye amene agogo ake anabwera pa chombo kuchokera ku India atanyamula zidindo za nsalu zosema pamtengo. Chilichonse chinali chachikulu ngati chikhatho, chogwirira chili kumsana, kumaso kwake kutasemedwa maluwa, timango topindika, mizere yonga mafunde. Ntchito yake inali yotere: uyale nsalu yoyera ya bafuta pa thebulo loyalidwa masaka, unyike chidindo mu utoto, uchikhazike pansalu molunjika kadontho kamene chasiya pakona ulendo wapitawo, kenako uchimenye ndi m'mphepete mwa dzanja. Du! Kamodzi kokha.

"Chidindo sachimenya kawiri," a Dawudi ankatero m'Chiyao chawo chotsimphina. "Kachiwiriko ndi bodza."

Zaka makumi awiri ndi ziwiri za du! du! ameneyo n'zimene zinasandutsa dzanja la munthu kukhala chiboda.

Nkhondo itafika pafupi, a Dawudi anatseka sitolo n'kupita kunyanja yamchere, zidindo anazisiya chifukwa cholemera. M'chaka cha 1987 moto unafika kumene Jaffalie ankakhala. Mkazi wake ndi ana awiri anathawira mbali ina, iye mbali ina, ndipo mbali ziwirizo sizinakumanenso. Anzake a m'njira anasenza mbuzi, mitu ya makina osokera, wina chitseko chenicheni. Jaffalie anasenza thumba la zidindo zisanu ndi ziwiri. Anthu ankagwedeza mitu. "Tamuonani uyu. Wamva kuti ku Malawi kulibe nkhuni."

Anatsika mapiri mpaka mudzi wina wa ku Lungwena, m'mbali mwa msewu wa ku Makanjira. Nthawi imeneyo wothawa nkhondo amene anali ndi abale ankaloledwa kukhala pa abale akewo. Wopanda mbale ankakwezedwa lole ya Lachisanu kupita kumsasa, kutali ndi nyanja, kumene madzi ankaimira pamzere ndi ndowa imodzi. Ntchito ya Jaffalie imamwa madzi kuposa ng'ombe khumi. Kumsasa akanakhala munthu wolandira ufa ndi nandolo basi, atakhalira thumba la nkhuni zokongola.

Anamupulumutsa ndi Che Wadi, mkulu wosoka maukonde, wa zilonda m'miyendo ndi kumsana zosamva mankhwala. Anali atangoonana m'mawa womwewo pamzikiti. Koma olemba mayina atafika, Che Wadi anadzuka ndi ndodo yawo n'kunena osaphethira, "Uyu ndi mwana wa anjomba anga, amalume a ku Mandimba aja. Simukuona makutuwo?" Makutu a Che Wadi anali ngati malichero, a Jaffalie ngati a mbewa. Olembawo anayang'ana, anatopa, analemba.

Choncho kukhala kwa Jaffalie pamudzipo kunali kolendewera pa mpweya wa nkhalamba imodzi. Amene sankamulola kuiwala zimenezi anali Sefu, mwana wa Che Ajira, mlongo wawo wa Che Wadi. Kanyumba kamene mlendo anapatsidwa Sefu ankakafuna kuti atsegulemo okala.

"Iwe Mpwitikizi," ankatero akamadutsa, "uziwapempherera anjomba. Tsiku limene adzatseke maso, iwe lole."

Jaffalie ankangoti, "Ndamva, achimwene," n'kupitiriza du! du! wake.

Utoto wa ku India panalibe, ndiye anachita zimene a Dawudi ankachita chombo chikachedwa. Anatola misomali yadzimbiri, masipoko a njinga, nangula wakale wothyoka, n'kuviika zonse mumtsuko wa madzi a nzimbe masabata awiri. Fungo lake linkagwetsa akhwangwala ali m'mwamba. Madziwo ankawalimbitsa ndi ufa wa nthanga za bwemba kuti agwire pachidindo. Tsono mvetsetsani apa, pakuti mlandu wonse wagona pamenepa. Madzi a dzimbiri aja ukawadinda pa bafuta saoneka. Akauma amangosiya kachikasu kakang'ono ngati pamene khanda linakodzera mwezi watha. Nsaluyo amaipinda, igone mumdima masiku atatu. Kenako amaimiza m'madzi owiritsa khungwa la mbawa, ndipo pomwepo, maso ako akuona, maluwa akuda bii amatuluka pansalu yoyera ngati akuchokera pansi pa madzi.

Gawo limeneli Jaffalie ankachitira m'nyumba chitseko chotseka. Sanali wopusa. Mlendo wotulutsa maluwa pansalu yopanda kanthu, mudzi umamupatsa dzina lina. Amayi ankangoona zitenje zotha kale zitayanikidwa pamchenga, n'kumazilimbirana. Cha timango anachitcha Mitala Sagona, ndipo mpaka lero palibe amene amadziwa chifukwa chake.

Chidindo chimodzi chokha chinali chisanatulukepo m'thumba. Chinali cha diso la pa nthenga ya pikoko: mzere wozungulira, m'kati mwake wina, pakati kambewu kakuda. Jaffalie sankachikonda. Ukachiika chagada chimakutsatira m'nyumba yonse. Koma mu Novembala wa 1989 mayi wina wogulitsa nsalu kwa azungu ku Nkopola anati timango atopa nato, akufuna chachilendo. Jaffalie anatulutsa disolo, analidinda pa bafuta watsopano, anayanika, anapinda.

Kanyumba kake kanali ndi chiswe chodya ngakhale mthunzi, choncho nsalu zake ankasunga m'sanduku lachitsulo la Che Wadi. M'sanduku lomwelo munkakhala sanda ya mwini wake, nsalu yoyera yodzawakulungira tsiku lomaliza. Anaigula kuboma zaka khumi m'mbuyomo, ndipo chaka chilichonse Ramazani ikayandikira ankaitulutsa, kuiyanika, n'kugonapo chagada kuti aone ngati sanaitalikire. Pakona anamangapo kamfundo kawo ka asodzi. Sanda inkakhala pamwamba nthawi zonse, za Jaffalie pansi. Tsiku limenelo Che Wadi anali gone pamphasa akubuula, ndipo Jaffalie, posafuna kuwasokosera ndi kufukula m'sanduku, anangoika yake pamwamba n'kutseka. Bafuta wake anali wa sitolo imodzimodzi, muyeso umodzimodzi.

Atatha masiku atatu aja, Jaffalie analawirira kuphiri kukasenda khungwa la mbawa. Pobwera, dzuwa lili paliwombo, anamva maliro asanaone denga lililonse. Che Wadi anali atatsikira kulichete iye atangokhota pa mlambe wa kumsewu. Asilamu sagoneka maliro. Pamene ankafika n'kuti osambitsa atamaliza, thupi atalikulunga, atalimanga kumutu, m'chiuno ndi kumapazi, akungodikira swala, pemphero la masana.

Che Ajira anamuona pakhomo, maso ali psuu. "Che Jaffalie, achimwene anu atisiya. Lowani mutenge nsalu yobiriwira yofunditsa jeneza lonyamulira maliro. Ili m'sanduku. Ine maso angawa sakuona m'nyumbamo."

Anatsegula sanduku. Pamwamba penipeni panali bafuta wopindidwa bwino, pakona pali kamfundo ka asodzi.

Anakhala chogwada nthawi yaitali, dzanja lili pakamfundoko. Kunja amayi ankalira, nkhuku inkatetera ngati palibe chachitika. Sanda ya Che Wadi inali apa. Ndiye kuti Che Wadi anali atagona m'kati mwa maso mazana angapo, onse otsinzina.

Anayamba kudzilimbitsa mtima. Popanda mbawa palibe chituluke. Nsalu ikalowa m'nthaka yoyera, ndipo nkhani ithera pomwepo. Ali m'kati moganiza choncho, mphuno yake inamutsutsa. M'nyumba monse munali fungo lowawa limene ankalidziwa kuposa la thukuta lake. Pakona panali mphika, m'kati muli makungwa ofiira. Miyezi inayi Che Ajira anakhala akutsuka zilonda za mlongo wawo ndi madzi a mbawa, m'mawa ndi masana, mpaka khungu la mkuluyo linamwa mbawa kuposa nsalu iliyonse imene Jaffalie anamizapo. Tsopano khungu limenelo, lachinyezi chochokera kosambitsa, linali litakhudzana ndi dzimbiri, m'kutentha kwa Novembala.

Akanatha kutuluka n'kunena pomwepo. Anadzukadi, sanda ili m'manja. Koma pakhomo panaima Sefu, kofia ili m'maso.

"Ukufukula chiyani m'sanduku la anjomba? Wayamba kale kugawa chuma?"

"Nsalu ya jeneza, achimwene. Mayi andituma."

"Fulumira. Ndipo mawa ndi Lachisanu, usaiwale."

Sefu atatembenuka, Jaffalie anakweza mkanjo wake n'kudzikulunga sanda yonse m'mimba, kuzungulira kasanu ndi kawiri. Chifukwa chake sankachidziwa bwino. Kuisiya sakanatha, kuionetsa sakanathanso. Anatuluka ali ngati mayi wa miyezi khumi ndi iwiri, woyembekezera mapasa a mvuu. Tsiku lina anthu akanafa ndi kuseka. Pamaliro aliyense anangoganiza kuti mlendo watupa ndi chisoni.

Pamzikiti anaswalira maliro choimirira, monga mwa mwambo. Jaffalie anaima mzere wakumbuyo, thukuta likutsika m'miyendo, akuwerengera m'mutu. Mumphika wotentha maluwa amatuluka usanamalize kutafuna nzimbe imodzi. Pachinyezi chabe mwina ola. Kumanda kunali kuseri kwa minda ya chinangwa, ulendo wa theka la ola ngati anthu sakuzengereza. Akangotsitsa m'dzenje msanga, dothi libisa zonse.

Jeneza amanyamula mosinthana, phewa kulandira phewa, osaima. Nthawi yake itakwana, Jaffalie anapezeka kumapazi. Nsalu yobiriwira inali itakwinyika pang'ono pamenepo, n'kusiya kampata kokwana zala ziwiri. Anadziuza kuti sayang'anamo. Anayang'anamo.

Pa bafuta, cha pa msongolo, panali kamthunzi kozungulira kotuwa ngati utsi. Akuyang'ana choncho kanada. M'kati mwake munatuluka mzere wachiwiri. Kenako kambewu ka pakati, pang'onopang'ono, monga achitira munthu wodzuka ku tulo tatikulu amene sanadziwebe kuti ali kuti. Diso linamuyang'ana Jaffalie. Pambali pake lina linali litayamba kale.

Miyendo yake inafulumira yokha, jeneza n'kupendekeka.

"Mpwitikizi, ukuthamangira kuti?" wina anamunong'oneza mokalipa. "Kumanda satsekako."

Anamulandira phewa, iye n'kubwerera m'gulu. Njira yotsalayo anaiyenda akumva ngati chinangwa chonse cha m'mundamo chatembenuza masamba kumuonerera. Kunalibe mphepo. Kunalibe mbalame. Kunali kupuma kwa amuna makumi asanu ndi mawu a Shahada, chivomerezo cha Chisilamu, akubwerezedwa motsitsa, ndiponso jeneza likulira kwetye, kwetye pamapewa.

Kumanda, Sefu ndi amuna ena awiri anatsikira m'dzenje kukalandira thupi. Shehe, Che Atumani, nkhalamba yotsala ndi mano awiri osayang'anizana, anaima kumutu. Anavundukula nsalu yobiriwira, anthu anayi ananyamula thupi n'kulipereka m'manja mwa a m'dzenje. Dzuwa linaligwera lonse.

Kuyambira kumutu mpaka kumapazi, Che Wadi anali maso okhaokha. Akuda bii, ozungulira, opanda zikope, ali m'mizere. Ena anali atatseguka kale, ena ankatseguka anthu akuona. Pamene nsalu inapindika, maso awiri ankayandikana n'kukhala ngati nkhope. Ndipo popeza thupi linkagwedezeka m'manja mwa onyamula, onse ankaoneka ngati akuyendayenda, kusaka munthu.

Palibe amene anakuwa. Mmodzi wa a m'dzenje anatuluka osakhudza khoma ngakhale limodzi, ngati chiwala. Mnzake anamutsatira podutsa pamsana pake. Bambo wina wa kumbuyo anayamba ulendo wa ku Makanjira wapansi, ndipo akuti anakafika lole imene inanyamuka dzulo lake isanafike. Sefu yekha anatsala m'dzenje, mutu wa anjomba ake uli pachifuwa, miyendo yawo itatsamira khoma. Kuwaponya sakanatha. Diso limodzi linali pansi pa chibwano chake penipeni.

"Shehe," anatero ndi kamawu ka mwana wa mbuzi. "Shehe, anjomba akundiyang'ana."

Jaffalie anaima phee. Palibe amene anamuganizira. Diso limeneli linali lisanaonekepo pa chitenje chilichonse pamudzipo, ndipo palibe amene ankadziwa zimene zinkachitika kuseri kwa chitseko chake. Akanangokhala chete, mlandu wa masowo sukanamupeza. Mwina akanakachonderera Che Ajira, ndipo mwina akanamumvera chisoni.

Kenako kunong'onezana kunayamba kumbuyo kwake.

"Zilonda zosapola zija, munkati n'zachabe?"

"Awa ndi maso a anthu amene anawadya."

"Ana aja anamira pa bwato chaka chatha, si ukonde wawo anasoka ndi iwowa?"

"Tawerengani. Anthu onsewa, munthu mmodzi!"

Mawuwo anayenda m'gulumo ngati moto wa m'udzu. Wina anati munthu wotere saikidwa pakati pa Asilamu. Wina anati akatayidwe kuthengo. Che Wadi, amene m'mawa anali nkhalamba yosoka maukonde ndi yogawira ana utaka, pofika masana anali atadya theka la Lungwena.

Jaffalie anapezeka ali m'mphepete mwa dzenje. Anakweza mkanjo mpaka m'khwapa n'kuyamba kusolola chinthu choyera chonyowa kuchokera m'mimba. Amene anali pafupi anabwerera m'mbuyo, poganiza kuti mlendo akutulutsa matumbo ake. Anasolola, anazungulira, anasolola, mpaka mimba yonse inathera m'manja.

"Sanda ya Che Wadi ndi iyi," anatero. "Onani mfundo yawo. Iyo avalayo ndi nsalu yanga. Masowo ndinadinda ndine, Lolemba. Sanadye munthu."

"Unadinda bwanji?" anafunsa amene anang'amba nsaluyo posambitsa. "Ndaidula ndi manja angawa. Inali yoyera ngati thonje."

"Inali yodinda kale. Sizioneka mpaka zitakumana ndi mbawa."

"Tamumvani! Akuti amalemba zosaoneka!"

Shehe anakweza dzanja. Sanali munthu wothamanga, ngakhale pa zinthu zofuna kuthamanga. "Che Jaffalie, pakamwa pokha sitikumvani. Tionetseni."

Kansalu komangira kumapazi, kong'ambidwa pa bafuta yemweyo, kanali kakadali koyera kunsonga kwake popeza sikanakhudze thupi. Shehe anawerama n'kudulako kachidutswa. Jaffalie anapisa m'thumba, anatulutsa khungwa limene anasenda m'mawa, analitafuna mpaka nkhope inakwinyika ndi kuwawa, n'kulavulira pakansaluko. Anthu anaunjikana, aliyense akuyesetsa kukhala kumbuyo kwa mnzake. Poyamba panali banga lofiirira basi. Kenako, m'kati mwa bangalo, mzere wozungulira.

"Walavula diso! Mfiti ndi iyeyu!"

Apa ndiye zinaipiratu. Ena anali atatola kale makasu a okumba manda. Shehe anatambasula dzanja, analanda khungwa lotsala, n'kuliponya m'kamwa. Ndi mano awiri osakumana, ntchitoyo inatenga nthawi yokwanira kuphika nyemba. Gulu lonse linadikira, Sefu ali chinyamulire m'dzenje. Pomaliza nkhalamba inadula kachidutswa kena n'kulavulirapo. Diso linatseguka, lokongola kuposa loyamba lija.

Shehe analiyang'ana, anayang'ana anthu. "Ndiye kuti nanenso ndine mfiti. Zaka makumi anayi mukuswali kumbuyo kwanga." Anapukuta pakamwa. "Bweretsani inayo."

Analavulira pakona pa sanda yeniyeni. Anadikira. Banga linakhala banga. Anang'amba konayo, anaitaya, n'kulamula kuti thupi alikweze. Amuna anagwira nsalu yobiriwira mozungulira ngati mpanda, ndipo m'kati mwake osambitsa anawavula Che Wadi maso aja n'kuwaveka zoyera zawo, zofunda ndi thukuta la mlendo wawo. Anawagoneka chakumanja m'kamphanga ka m'mbali mwa dzenje, anatseka ndi mitengo, anakwirira. Pemphero la dua litatha, nsalu yamaso inatsala pansi. Aliyense ankaizungulira patali. Shehe anainyamula ndi ndodo n'kumupatsa mwini wake.

Pobwerera palibe amene anayenda pafupi ndi Jaffalie. Pakhomo, pamaso pa amayi onse, Sefu anaimirira.

"Munthu uyu watichititsa manyazi pamanda. Anjomba anangotsala pang'ono kutayidwa kuthengo ngati galu. Mbale wathu si iyeyu, aliyense akudziwa. Mawa akwere."

Che Ajira, amene nkhani inawapeza anthu asanabwere, anangoti, "Nsaluyo ndinatenga ndine m'sanduku." Koma ananena motsitsa, ali m'kati mwa maliro, ndipo palibe amene anawamva.

M'mawa wa Lachisanu Jaffalie anapita kunyanja ndi nsalu ija, zidutswa zake zitatu, kuti aichape asanaikwirire penapake. Anaiyala pamchenga n'kulumikiza zidutswazo mmene zinalili. Wodinda aliyense amawerenga mizere yake, sangachitire mwina. Lolemba lija madzi a dzimbiri anamuthera atadinda mizere khumi ndi umodzi, ndipo chakumapeto anasiya mkono wathunthu wopanda kanthu, kuti adzamalize tsiku lina. Anawerenga. Inali khumi ndi inayi, mpaka kumphepete.

Anadziuza kuti anaipinda isanaumitsitse, dzimbiri linadutsira pa inzake. Zimachitika. Koma zodutsira zimatuluka zofooka, zosamveka m'mbali. Izi zinali zakuda kuposa zonse, zakuthwa ngati zomenyedwa kumene, ndipo zinali pa chidutswa chimene chinaphimba nkhope. Anakhala pamchengapo dzuwa likumuotcha, akuziyang'ana, nazo zikumuyang'ana. Kenako anakulunga chidindo cha diso m'nsaluyo pamodzi ndi mwala, anapempha msodzi wina kuti akaponye pakuya, osamuuza kuti muli chiyani. Zimene anawerengazo sanauze munthu.

Anabwerera kukamanga thumba lake. Atakhota pa nkhokwe, anapeza Che Ajira atakhala pakhonde pa kanyumba kake, kamtolo koyera kali pamiyendo.

"Che Jaffalie, iyi ndi yanga. Ndinagula limodzi ndi ya achimwene. Yakhala m'sanduku lomwe lija." Anaikankhira kwa iye ndi nsonga za zala. "Ine sindikufuna kukayang'ana anthu ndili m'dzenje. Tailavulireni."

"Mayi, iyi sindinaikhudzepo. Ilibe kanthu."

"Ya dzulo ija inalinso yopanda kanthu. Lavulani."

Anatafuna khungwa, analavulira pakona. Onse awiri anawerama, osapuma. Banga linakhala banga. Che Ajira anatulutsa mpweya umene anausunga kuyambira dzulo.

Jaffalie atadzutsa mutu anaona kuti sali awiri. Kuseri kwa Che Ajira kunaima nkhalamba ina ndi kamtolo kake. Kuseri kwa iyo, ina. Mzere unadutsa pa nkhokwe, unakhota pa mjigo, unakafika kumsewu. Aliyense wosunga sanda m'mudzimo, ndi a midzi iwiri yoyandikana nayo, anali atagona ndi funso limodzi: nanga yangayi ndaidziwa bwanji? Ena anabwera ndi za akazi awo. Wina anabweretsa ndi chinsalu cha pa thebulo chomwe. Kufotokoza kuti nsalu ya m'sitolo siingatuluke maso kunali kutaya malovu, ndipo malovu tsiku limenelo anali ndi ntchito.

Lole inafika cha m'ma teni, inaima pa mlambe, inaliza hutala. Sefu anabwera akupupuluma.

"Tiye, Mpwitikizi. Nyamula nkhuni zakozo."

"Akwere ndani?" inafunsa nkhalamba yachitatu pamzere, osatembenuka. "Ine ndafika pano nkhuku zisanatsike."

"Agogo, munthuyu alibe mbale pano."

"Ndiye ulavulire ndiwe? Ukudziwa poyang'ana?"

"Shehe anatha dzulo."

"Shehe adzatafuna khungwa limodzi mpaka Idi. Choka apo, ukutitchinga."

Hutala inaliranso, motalika. Sefu anayang'ana mayi ake. Che Ajira anali akupinda sanda yawo mosamala, ndipo ananena osakweza mutu, "Kamuuze dalaivala kuti kuno kulibe wokwera. Okala ukamange kumsewu, kuli anthu ambiri." Lole inadikira pang'ono, inatsokomola, inapita ndi fumbi lake.

Kuyambira tsiku limenelo zitenje za Jaffalie sizinayendenso malonda pamudzipo. Mitala Sagona amayi anazisandutsa zosefera. Ankadindabe za ku Nkopola, kwa azungu amene sankadziwa kanthu, koma ntchito imene inamudyetsa inali inayo. Munthu amene anaphunzira zaka makumi awiri ndi ziwiri kudzaza nsalu ndi maluwa anakhala wotsimikizira mudzi kuti pansalu palibe chilichonse. Sanda sinkadulidwa iye asanaione. Ankamulipira ndi chambo, chinangwa, nthawi zina nkhuku. Malole obwezera anthu kwawo atabwera nkhondo itatha, akuluakulu anamubisira nsapato mlungu wathunthu. Mbawa za m'phiri lija zinasendedwa mpaka zinayamba kuthawa zikamuona akubwera, ndipo mano ake anafiira ngati a munthu wodya dothi.

Anthu ankamuyamikira kuti sachita mwachizolowezi. Nsalu iliyonse, ngakhale yongotuluka kumene m'pepala la m'sitolo, ankailavulira n'kuwerama nayo pamodzi ndi mwini wake, mpweya atagwira, nkhope itatuwa, mpaka banga liume. Iwo ankati n'kulemekeza ntchito. Sankadziwa kuti pa anthu onse a m'mudzimo, amene ankaopa kwambiri kuti china chake chitseguka pakonapo anali iyeyo.